Makina Amene Sankafunsa Mlendo

Ntchito yanga yoyamba ndidaipeza pakhomo pa tchalitchi ku Ulongwe, Misa itangotha. Ndidali nditabwerako ku Tete ndi dipoloma ya informatika, koma kwa nthawi yaitali ndinkangothandiza bambo kumunda kwathu ku Lifidzi, anthu akumandifunsa ngati makompyuta aja amabzalidwa pamzere ngati nyemba. Ndinkapempherera ntchito m'mawa uliwonse, ndipo nthawi zina ndinkachita manyazi ndi pemphero langa lomwe, chifukwa lidayamba kumveka ngati dandaulo. Tsiku limenelo a Gaudensiyo adandigwira dzanja osalisiya, nandifunsa ngati ndimadziwadi kulemba mapulogalamu kapena dipoloma ija ndi yongokongoletsa khoma. Ndidati ndimadziwa.

"Ubwere Lolemba, Naziyo," adatero. "Ubwere utadya, chifukwa kwanga kuli ntchito, kulibe tiyi."

A Gaudensiyo sadali mlendo kwathu. Adathawira ku Dedza pamodzi ndi bambo nthawi ya nkhondo, ndipo atabwerako, ine nditabadwa, ndiwo adandinyamula pa ubatizo. Ndinkawatchula kuti a padirinyu, ndiye kuti atate a ubatizo. Bambo atamva za ntchitoyi adagwada pakati pa nyumba kuthokoza Mulungu, ndipo atadzuka adandiuza kuti, "Kumeneko sukupita kwa shefi wongokulemba ntchito, ukupita kwa atate ako. Usakawachititse manyazi."

Eskritoriyo yathu, ndiye kuti ofesi, idali zipinda ziwiri kuseri kwa sitolo ya feteleza, pafupi ndi msika. Tidalipo atatu: a Gaudensiyo, ine, ndi Rozita, amene ankakonza maonekedwe a masamba a pa intaneti ndi kulowetsa zimene makasitomala atumiza. M'mawa uliwonse tinkayamba ndi pemphero, a Gaudensiyo akutsogolera, ndipo ankapemphera bwino, mosathamanga, akutchula alimi, madalaivala, ngakhale magetsi kuti asathime. Ntchito ankaidziwa. Adaiphunzira ku Beira kalekale, ndipo zambiri zimene ndimadya nazo lero ndidaziphunzira kwa iwo. Koma maso awo adali atayamba kufooka, tsono kagwiridwe kathu ka ntchito kadali kotere: ine ndinkakhala pa kompyuta, iwo ankakhala pampando kumbuyo kwanga n'kumanena, ine n'kumalemba. Tikamaliza gawo, ndinkalisunga mu git, chida chimene chimasunga mbiri ya kodigo, mizere ya pulogalamu imene timalemba, ndipo popeza kompyuta idali yanga, mzere uliwonse unkalowa m'dzina langa. Nthawi imeneyo ndinkaona ngati ulemu.

Kasitomala wathu wamkulu adali asosiyasau, ndiye kuti bungwe, ya alimi a mbatata ya kachewere a ku Lifidzi ndi midzi yozungulira. Bambo anga nawonso adali membala. Asosiyasau inkachita hayala kamiyau, galimoto yaikulu ya katundu, yodzatenga mbatata pamseu kupita nayo ku Tete kapena ku Kalomwe. Aliyense amene adalimapo kachewere wa dzinja akudziwa kuti sakumbidwa mwachisawawa. Akakhala m'nthaka amadikira, koma ukamukumba, n'kumuika m'matumba ali ndi chinyezi, nthawi yake yayamba kutha. Ndiye mlimi amakumba dzulo lake la tsiku la kamiyau. Uthenga wonse umene pulogalamu yathu inkapereka udali waufupi: malo akuti, kamiyau ifika tsiku lakuti. Koma pa uthenga umenewo padali thukuta la chaka chonse.

Ofunsa uthengawu adali a mitundu itatu. Akuluakulu a asosiyasau ankaona pa kompyuta, ndipo iwowa ankafunika tsamba la HTML, lokhala ndi mizere ndi mitundu. Madalaivala adali ndi kapulogalamu ka pa foni zazikulu, kamene kankafuna yankho la JSON, lopanda zokongoletsa, loti makina awerenge. Alimi ambiri adali ndi timafoni ta mabatani. Iwowa ankatumiza dzina la mudzi wawo pa mensaji, kampani ina yotumiza mamensaji inkafunsa servidori yathu, kompyuta yosunga ndi kupereka uthengawo, m'malo mwawo, n'kubweza kwa mlimi chilichonse chimene servidori yayankha. Apa pankafunika mawu okhaokha, ochepa.

Poyamba yankho lililonse tinkalilemba katatu. Ukasintha pamodzi n'kuiwala pena, dalaivala ankamva china, mlimi china. A Gaudensiyo adaganiza zoti tipange biblioteka yathuyathu, ndiye kuti mtolo wa kodigo wolembedwa kamodzi umene mapulogalamu athu onse azigwiritsa ntchito. Wolemba pulogalamu azingopereka uthenga, biblioteka izisankha yokha mtundu wa yankho. Ganizoli lidali labwino, ndipo mpaka lero ndimati lidali labwino. Adandipatsa ine kuti ndiyambe.

Pempho lililonse lofika pa servidori limabwera ndi timizere tapamwamba tofotokoza za wofunsayo. Kamodzi mwa ito kamatchedwa Accept, ndipo ndi pamene wofunsa amanena mtundu wa yankho limene angathe kulandira. Ndidalemba kuti biblioteka iyambe yaona pamenepo. Ngati palibe chomveka, ione kumapeto kwa adiresi, ngati kuli .json kapena .txt. Vuto lidali lakuti ofunsa ambiri salemba chimene akufuna. Amangoika kanyenyezi, kamzere, kanyenyezi, kutanthauza kuti chilichonse. Kampani ya mamensaji ija inkachita chomwecho. Ine ndidalemba kuti wofunsa wotere abwezeredwe nambala 406, imene imanena kuti sitikudziwa chokupatsani, nenani bwino, ndiponso kuti pa kompyuta yathu patuluke mzere wofiira kuti tidziwe. Ndinkaganiza kuti tingolankhula ndi kampaniyo kuti izinena poyera kuti ikufuna mawu okhaokha.

A Gaudensiyo adamvetsera ndikuwawerengera, kenaka adavula magalasi.

"Mlendo wafika pakhomo, iwe n'kumufunsa kuti adya chiyani? Adakulera ndani iwe?"

Rozita adaseka, nanenso ndidaseka.

"Amayi ako udawamvapo akufunsa mlendo ngati adya? Ukamufunsa, aliyense amati chilichonse, kapena amati ndakhuta, njala ili m'maso. Mwini nyumba amayang'ana fumbi la kumapazi, n'kudziwa kuti uyu wachokera kutali. Makina athu asamafunse anthu, ndipo asamabweze munthu pakhomo. Za 406 zakozo ndi za anthu odyera m'lesitilanti."

Adalamula kuti wofunsa akanena kuti chilichonse, biblioteka iziyang'ana kamzere kena kotchedwa User-Agent, pamene wofunsa amatchula dzina lake. Dzina likafanana ndi la pulogalamu yoonera masamba a pa intaneti, apatsidwe HTML. Likakhala la kapulogalamu ka madalaivala, JSON. Ena onse apatsidwe mawu okhaokha. Ankalankhula mokondwa, akuyendayenda m'chipindamo, ndipo adati biblioteka yotereyi ingagulidwe ngakhale ku Tete, chifukwa wogula sadzafunika kuiuza kanthu.

Ine ndidaona pamene padali dzenje. Dzina la pa User-Agent si lumbiro. Mapulogalamu ambiri amavala dzina la anzawo kuti asatsekeredwe kunja, ndipo kampani ya mamensaji sidali yathu, ikadatha kusintha makina ake tsiku lililonse osatiuza. Ikadzatero, biblioteka sidzadandaula. Idzapereka yankho lolakwika mwaulemu wonse, n'kulemba kuti zonse zili bwino. Mawu adafika pakamwa. Koma Rozita adali pomwepo, ndipo ine ndidakula ndikudziwa kuti mkulu satsutsidwa pamaso pa anthu, makamaka mkulu amene adakuimira pamaso pa Mulungu usanadziwe kulankhula. Ukakhala ndi mawu, umamutsata kwawo, n'kukanena muli awiri. Ndidatembenukira ku kompyuta, ndidalemba zimene ankanena, ndidasunga.

Lamulungu lotsatira, Misa itatha, ndidapita kunyumba kwawo. Akazi awo adali atatsalira kutchalitchi ku msonkhano wa amayi. Ndidawapeza kuseri akumwaza gaga kudyetsa nkhunda zawo. Ndidanjuta chapatali, tidapatsana moni, ndidafunsa za mwendo wawo umene unkawavuta, ndipo pambuyo pake ndidafotokoza zonse, pang'onopang'ono, monga ndidakonzera m'njira. Ndidati sindikukana kuti biblioteka izilosera, koma njira ya mamensaji a alimi tiimange yokha kuti izipereka mawu okhaokha nthawi zonse. Ndidati pamenepo pokha pakundisowetsa mtendere.

Adamvetsera mpaka kumapeto, osandidula. Adakutumula gaga m'manja.

"Ndamva, mwana wanga, ndipo wachita bwino kubwera kuno. Nzeru uli nazo, imvi ndiye ulibe. Tikayamba kumanga njira iyi payokha, iyo payokha, tabwerera kolemba katatu kuja. Zisiye momwemo. Zikadzavuta, mutu ndi wanga. Ndidzayankha ndine."

Ndidachoka mtima uli m'malo. Ndidaona kuti ndachita zonse zoyenera: ndachenjeza, sindidanyoze, ndipo katundu wanyamulidwa ndi mwini wake. Ndidathokoza Mulungu m'njira chifukwa chondipatsa shefi amene amamva.

Kwa nyengo yonse ya mbatata ya m'dimba biblioteka idagwira ntchito bwino. Alimi ankayamikira. Bambo ankaonetsa anzawo foni, n'kumati mawu awa alembedwa ndi makina a Naziyo. Ndidayamba kuganiza kuti mwina mantha anga aja adali kudzikuza kwa mwana wa sukulu, ndipo ndidapempha Ambuye kuti andiphunzitse kudzichepetsa.

Tsiku lovuta lidafika m'dzinja, mvula ili pakati. Kamiyau imene inkayenera kufika ku Lifidzi Lachinayi idafera ku Kalomwe kumayambiriro kwa sabata, ndipo makaniko adati chitsulo chake chikuchokera kutali. Rozita adasintha uthenga nthawi yomweyo kuti kamiyau idzafika Lolemba lotsatira, alimi asakumbe. Adaona pa kompyuta, zidali bwino. Madalaivala adaona pa foni zawo, zidali bwino. Mizere yonse ya pa servidori inkaonetsa 200, nambala yonena kuti pempho layankhidwa. Chimene sitidadziwe n'chakuti sabata yomweyo kampani ya mamensaji idali itasintha makina ake, ndipo atsopanowo ankadzitchula ndi dzina longa la pulogalamu yoonera masamba.

Lachinayi m'mawa, titangomaliza pemphero, foni yanga idalira. Adali bambo.

"Naziyo, kamiyau ija ili pati? Tili pamseu chiyambire m'mawa."

Ndidati kodi sadaone uthenga woti asakumbe.

"Uthenga wake uti? Foni yanga yadwala masiku ano, ikungotulutsa zilembo zachilendo. Ya aNamaseko chimodzimodzi. Tidangoti makina asokonezeka, koma tsiku ndi lomwe lija adanena sabata yatha."

Ndidawapempha kuti andiwerengere. Adayamba pang'onopang'ono: kachizindikiro konga mlomo wa mbalame, kenaka D, O, C, T. Sadafike patali. Adali mawu oyamba a tsamba la HTML. Biblioteka idayang'ana fumbi la kumapazi, idaganiza kuti wafika ndi munthu wa pa kompyuta, idampatsa tsamba lonse. Kampani ya mamensaji idadula kachigawo koyamba n'kutumiza kwa alimi, ndipo tsiku la kamiyau lidatsala pansi penipeni pa tsamba, pamene palibe foni idafikapo.

Kukonza sikudatenge nthawi. Ndidamanga njira ya mamensaji kuti izipereka mawu okhaokha, ndidayesa ndi foni ya Rozita, uthenga udafika womveka. Koma mbatata idali itakumbidwa kale. A Gaudensiyo adaimbira eni magalimoto onse amene ankawadziwa, ndipo onse adali ndi katundu kwina kapena ankaopa matope. Chakumasana kumwamba kudada. Iwo adatenga makiyi a galimoto yawo nati tipite ku Lifidzi.

Tidauyamba ulendo. Kolona yawo inkagwedezeka pagalasi. Titayandikira adati, "Ukasiye ndikalankhule ine." Ndidavomera, ndipo kunena zoona ndidapepukidwa. Ndidakumbukira za kuseri kwa nyumba kuja, ndipo mumtima ndidati, munthu wa Mulungu uyu akupita kukasenza mtolo wake.

Tidapeza matumba ali m'mbali mwa mseu mulumulu, ena atafunditsidwa mapepala apulasitiki, ena masamba a nthochi, ambiri ali pamtetete. Mvula idali itayamba. Madzi ofiira ankayenda pansi pa matumba. Anthu adathawira m'nyumba yosungiramo katundu ya asosiyasau, yomwe sikadatha kusunga ngakhale theka la mbatatayo, ndipo msonkhano udachitikira momwemo, anthu ataimirira pakati pa matumba, malata akulira. Ndinkawadziwa onse. Ena adandiphunzitsa katekisimu, ena ndidasewera ndi ana awo. Bambo adali pakona, chipewa chili m'manja.

ANamaseko, wapampando wa asosiyasau, mayi wamasiye wosadziwa kuzungulira, ndiwo adayamba.

"A Gaudensiyo, mudatiuza kuti foni siinama ngati dalaivala. Lero yayankhula malilime, womasulira palibe. Tiuzeni, tidye zilembozi?"

Ena adaseka pang'ono, kuseka kowawa. A Gaudensiyo adavula chipewa, adapepesa bwino kwambiri. Adatchula thukuta la alimi, adatchula ana a sukulu amene amadalira mbatatayo, adati mtima wawo wasweka. Ine ndidaweramitsa mutu, ndikudikira mawu aja. Ndipo adati:

"Cholakwa changa ine ndi chimodzi, abale anga. Ndidakhulupirira mwana. Maso angawa mukuwadziwa. Ndidampatsa ntchito ya akulu, iye adalemba monga adaonera, osandifunsa. Mzere uliwonse wa gawo limene lalakwali uli m'dzina lake. Koma musamupsere mtima, ndi mwana wathu tonse, aphunzira."

Poyamba sindidamve bwino. Ndidaganiza kuti phokoso la malata landisokoneza. Kenaka ndidaona nkhope zonse zitatembenukira kwa ine. Sindidakonzekere kulankhula, koma ndidapezeka nditanjuta pansi ponyowapo, manja ali pamodzi.

"Pepani a padirinyu, pepani akuluakulu. Koma ndidabwera kwanu Lamulungu lija, mukudyetsa nkhunda. Ndidakuuzani kuti njira ya mamensaji idzavuta. Mudati mudzayankha ndinu."

Adandiyang'ana ndi maso achifundo, maso omwe aja amene ankandiyang'ana nawo ndili mwana ndikalakwitsa pemphero.

"Mwana wanga, kwathu umabwera kawirikawiri, ndipo timacheza zambiri. Za zimenezo sindikukumbukira."

M'nyumbamo mudamveka kung'ung'udza. Bambo wina kumbuyo adati mwanayu walakwa, ndiye akulozanso chala munthu amene adamunyamula pa ubatizo. ANamaseko adakweza dzanja kuti anthu akhale chete, nandifunsa mosakalipa.

"Iwe Naziyo, pamene unkanena zimenezo padali ndani?"

"Padalibe munthu, amayi."

"Ku eskritoriyo udanenapo?"

"Ayi."

"Ndiye tikafunse nkhunda?"

Palibe adaseka. Ndipo bambo anga adachoka pakona paja, adabwera kutsogolo, adagwada pafupi ndi ine. Adapepesa kwa asosiyasau chifukwa cha ntchito ya mwana wawo, ndipo adapepesa kwa a Gaudensiyo chifukwa cha pakamwa pa mwana wawo. A Gaudensiyo adawadzutsa ndi manja awiri, nati zatha, palibe mlandu. Anthu adayamikira mtima wawo.

Pobwerera ndidakwera galimoto yomweyo, chifukwa padalibe shapa, minibasi yonyamula anthu, pa mvula imeneyo. Titadutsa pamlatho a Gaudensiyo adatsokomola.

"Ndikukumbukira zonse, Naziyo. Udanjuta pafupi ndi mtondo, udayamba ndi kufunsa za mwendo wanga."

Kenaka adapitiriza:

"Tamvera. Iwe ndiwe mphukira, akakudula uphukanso. Ine ndikagwa lero, asosiyasau ichoka, ena onse achoka, eskritoriyo yatsekedwa. Rozita adya chiyani? Iweyo udya chiyani? Ndateteza tonse. Anthu amaiwala, pofika chaka chamawa nkhaniyi kulibe. Ntchito yako ilipo, mawa ubwere monga mwa masiku onse. Mulungu amaona mumtima."

Mawu otsirizawa ndiwo adandipweteka kuposa onse. Akadakhala kuti aiwaladi, ndikadati ndi ukalamba. Akadandikalipira, ndikadati ndi mantha. Koma adatenga dzina la Ambuye, limene adalonjeza kundiphunzitsa kuliopa, n'kuliyala pamwamba pa bodza ngati nsalu ya paguwa. Mdani akakuchita chipongwe umadziwa kopita nacho. Koma uyu adali munthu amene ndinkagwada naye m'mawa uliwonse, amene mawu ake a pemphero ndinkawayankha kuti amen.

M'mawa mwake ndidapita kuntchito. Pa pemphero ndidatseka maso koma pakamwa padakana. A Gaudensiyo atatuluka kukaonana ndi makaniko, Rozita adatembenuza mpando wake.

"Ndamva zonse. Ine ndimakumbukira kuti za mlendo zija adanena ndi iwowo. Koma ndikanena, adzati udavomereza, chifukwa udaseka nafe n'kulemba. Nkhope yako ndidaiona tsiku lija, ndidadziwa kuti pali chimene wameza. Ukadangochilavula ndili pomwepo, achimwene, bwenzi lero uli ndi mboni."

Ndidati sindikadatha kuwatsutsa pamaso pake.

"Ndiye ulemu wakowo wadyetsa ndani?" adatero, n'kubwerera ku ntchito yake.

Masiku otsatira ndidalembanso gawo lonse lija monga ndidaliganizira poyamba. Wofunsa akanena chimene akufuna, apatsidwe. Akapanda kunena, ndipo wolemba pulogalamu sadaikiretu mtundu wa yankho pa njira imeneyo, biblioteka ibweze 406 ndi kuyatsa mzere wofiira. Kulosera ndi User-Agent ndidakuchotseratu. Ndidalemba mayeso a mitundu yonse itatu ya ofunsa, ndi ena a wofunsa wovala dzina la mnzake. Sindidachite zimenezi chifukwa cha kampani yathu, koma chifukwa mbatata ina idali ikadali m'nthaka. A Gaudensiyo adakhala kumbuyo kwanga monga kale, koma za mlendo zija sadazitchulenso. Nditamaliza ndidawatsanzika kuti ndikusiya ntchito. Adati ndikuchita zachibwana, ndipo adandidalitsa pakhomo.

Kumudzi ndidapeza bambo akusankha mbatata. Kamiyau idabweradi Lolemba lija, koma yambiri idali itayamba kale kununkha, ndipo ogula adakana matumba ochuluka. Imene idabwerera tinkaithira pansi, n'kumatola yolimba, yofewa n'kumataya kudzala. Fungo la kachewere woola silichoka msanga m'manja. Tidagwira ntchito nthawi yaitali. Kenaka bambo, osandiyang'ana, adati:

"Ndikudziwa kuti sudaname. Sudayambe wandinamizapo."

Ndidaimirira ndi mbatata m'manja. Ndidawafunsa kuti nanga adapepeseranji.

"Ku Dedza kuja amayi ako adadwala kwambiri. Munthu uja ankatigawira chakudya cha ana ake. Sindingamuvule pagulu, Naziyo, ngakhale atalakwa chotani. Iwe ndiwe wanga, ungandikhululukire."

Adapitiriza kusankha. Ine ndidazungulira kuseri kwa khola, ndipo ndidalira monga sindidalirepo chikulire. Anthu awiri amene adandiphunzitsa kuti choonadi n'cha Mulungu ankachidziwa onse, ndipo aliyense adali ndi chifukwa chabwino chochisiyira pansi.

Dzina langa silidabwerere. A Gaudensiyo adalakwitsa pamene adati anthu amaiwala. Kwathu mpaka lero foni ikatulutsa zilembo zosamveka amati yachita za Naziyo, ndipo ana amene sadziwa n'komwe nkhaniyi amanenanso chomwecho. Asosiyasau ikadali kasitomala wa a Gaudensiyo. Ine ndidapeza ntchito ina ku Tete patapita nthawi, kwa anthu amene sadamvepo za Lifidzi. Ndikapita kumudzi n'kukumana ndi a padirinyu ku Misa, pa nthawi yopatsana mtendere ndimawapatsa dzanja. Ndimafuna kuti lidzakhale dzanja loona. Ndimapempha chisomo chimenecho, ndipo sindinganame kuti ndalandira chonse. Bambo ndidawakhululukira msanga, monga adanenera, ngakhale zimenezo nazo zimandiwawa, kuti ankadziwiratu.

Kwa amene akufuna kulowa ntchito imeneyi, za makina ndinganene mwachidule. Pulogalamu ikapanda kudziwa, inene kuti sikudziwa, ndipo inene mofuula, pamene munthu angamve. Yankho lolakwika loperekedwa mwaulemu ndi loopsa kuposa kukana, chifukwa palibe amene amadzuka kukaona. Koma chimene ndidasunga kwambiri si cha makina. Ndidaleredwa kuti kudzudzula mkulu kuseri ndi ulemu, ndipo ndikadakhulupirirabe kuti mwambowu udapangidwa ndi anthu abwino, oteteza nkhope ya mnzawo. Koma umagwira ntchito pokhapokha ngati mkuluyo adzavomere mawa zimene adamva dzulo. Pa ntchito imene ikukhudza chakudya cha anthu ena, sindiikanso chenjezo langa m'manja mwa munthu mmodzi, ngakhale ndimukonde chotani. Ndimanena mofatsa, ndi ulemu wonse umene ndidaphunzira, koma ndimanena anthu alipo.

Tsopano ndine amene ndimakhala kumbuyo kwa ena. Pali mtsikana wina wa ku Domwe m'gulu langa, wolemba kodigo bwino, woleredwa monga ndidaleredwera ine. Tsiku lina nditalamula kanthu pa msonkhano, ndidamuona akuchedwa kulongedza, akusuzumira kukhomo, kudikira kuti anzake atuluke. Ndidadziwa chimene chidali pakhosi pake. Ndidapita pakhomo, ndidawaitana onse kuti abwerere akhale pansi. Iye adachita manyazi, adati si nkhani yaikulu, angathe kundiuza tili awiri.

Ndidati, "Ayi, mlongo wanga. Nena ali pompano."